Musanagule njinga yopitira kuntchito, yang'anani pakati pa wilo lakumbuyo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anthu amene akusunga ndalama zoti agule njinga yakapalasa yopitira kuntchito. Ine ndimakonza njinga kuno ku Chilomoni, ndipo anthu oterewa amandipeza mochedwa, atagula kale, akukankha njinga tcheni chikulendewera. Ndikufuna mawu angawa awapeze ndalama zidakali m'thumba.

Chigwereni kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, osaiwalanso mizere ya mafuta ija, minibasi yakhala ikudya gawo lalikulu la malipiro a munthu wamba. N'chifukwa chake anthu amene kale ankati njinga ndi ya akabaza ndi ogulitsa makala ayamba kuifuna: aphunzitsi, alonda, anamwino, makalaliki, atsikana a m'mashopu. Aganiza bwino. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Limbe sipakwana makilomita 10, ndipo ambiri a ife timakhala pafupi ndi kuntchito kuposa pamenepo. Chimene chikundiwawa n'chakuti ambiri akugula njinga yosayenera ntchitoyo, pomwe adzimana miyezi yambiri kuti ndalamazo zikwane.

Imene amathamangira ndi mountain bike yotchipa ija, yonyezimira, ya masipuling'i kutsogolo ndi pakati, matayala a mano akuluakulu, pafelemu atalemba kuti magiya 18 kapena 21. Wogulitsa akawerenga magiyawo, wogula amaona ngati wapata zambiri pa ndalama zochepa. Koma taonani pamene magiyawo ali. Onse ali panja, ndipo amadalira kachitsulo kolendewera pafupi ndi nthaka, kamene kamasuntha tcheni kuchoka pa sipuloketi (kawilo ka mano kamene tcheni chimakolapo) ina kupita pa ina. Fumbi la Okutobala likasakanikirana ndi oyilo limapala tcheni ndi mano omwe. Matope a Januwale amatseka timawilo ta kachitsuloko. Njinga ikangogwera kumanja, mwana ataigunda pakhonde kapena mnzanu ataikankha poimika yake, kachitsuloko kamapindikira mkati, ndipo tsiku lina mukusintha giya pachitunda kamakodwa m'masipoko n'kuthyoka, masipoko angapo n'kupita nako. Zambiri zimene zimabwera kwa ine, eni ake anasiya kalekale kusintha magiya, akungoyendera limodzi lomwe silikudumpha. Pamwamba pa izo zilibe madigadi, zilibe kaliyala, zilibe chotchinga tcheni. Munthu amafika kuntchito malaya ali ndi mzere wa matope kumsana, mwendo wa thalauza uli oyilo yekhayekha, chikwama chitamunyowetsa thukuta.

Sindikunyoza mountain bike yeniyeni. Yopangidwa bwino ndi makina okoma kwa munthu woyenda m'tinjira ta ku Michiru kapena pamwamba pa phiri la Zomba, koma mtengo wake ndi wina ndipo ntchito yake ndi ina. Munthu wopita kuntchito atavala zakuntchito akufunika njinga yoti akhalepo msana uli woongoka, ya magiya obisika mkati mwa habu, chitsulo chija cha pakati pa wilo lakumbuyo pamene masipoko amachokera. Nkhani yanga ndi imeneyi.

Ndiyambe ndi kakhalidwe. Pa njinga yotere mahandulo amakhala okwera kuposa chishalo ndipo amapindikira kwa wokwerayo. Kulemera kwa thupi kumakhala pachishalo, osati m'manja, ndiye zikhatho sizichita dzanzi, khosi silipweteka. Koma chachikulu kwa ine ndi maso. Pamsewu wa Masauko Chipembere kapena pamsika wa Ndirande, chimene chimavulaza wanjinga ndi minibasi yokhotera kumanzere mwadzidzidzi kondakitala akaona pasinjala, chitseko cha galimoto yoima chotsegulidwa mosayang'ana, njinga yamoto yotulukira kumbuyo. Wokhala moongoka amaona pamwamba pa magalimoto ang'onoang'ono, amacheuka mosavuta, amatha kuchotsa dzanja limodzi n'kuloza kumene akukhotera, ndipo madalaivala amamuona msanga. Wowerama amayenera kupinda khosi kuti aone zomwezo, ndipo akatopa maso amagwera pa tayala. N'zoona kuti wokhala moongoka mphepo imamugunda pachifuwa. Zimenezo zimavuta wampikisano. Pa liwiro la makilomita 15 pa ola, lomwe n'lokwanira kukufikitsani osanyowa thukuta, mphepoyo mudzaimva masiku a mwera okha.

Pali felemu ina yopanda mtanda wapamwamba, imene anthu amaitcha ya azimayi, abambo ena n'kumaikana. Musaikane. Mayi wovala chitenje kapena siketi amakwera mwaulemu, inde, komanso bambo amene mawondo ayamba kuvuta, kapena amene wamanga katundu pakaliyala ndipo sangaponye mwendo kumbuyo, imamuthandiza chimodzimodzi. Ku Japan ndi ku Netherlands abambo ovala masuti amapita kuntchito pa felemu yomweyi.

Tsopano habuyo. Mukayang'ana wilo lakumbuyo muona sipuloketi imodzi yokha, tcheni chitayenda moongoka, ndipo pakati pa wilo pali habu yonenepa kuposa yamasiku onse. Ndikatsegula ya magiya atatu n'kuyala ziwalo zake pachiguduli, anthu amadabwa kuchepa kwake. Pa ekiselo, ndodo yachitsulo imene wilo limazungulirapo, pali kagiya kamodzi kosasuntha. Mozungulira kameneka muli timagiya titatu kapena tinayi tokhala m'kachikhola kamodzi, ndipo kunja kwa tonseti kuli mkombero wachitsulo wa mano oloza mkati. Zili ngati gule wa chimtali: ng'oma ili pakati siisuntha, ovina akuizungulira, oonerera apanga bwalo kunja, kungoti muno bwalo la oonererawo nalo limazungulira. Mukaika giya loyamba, mphamvu ya miyendo yanu imalowera pa mkombero n'kutulukira pa kachikhola, ndiye sipuloketi ikazungulira kanayi wilo limazungulira katatu. Limenelo ndi giya lokwerera chitunda. Mukaika lachiwiri, sipuloketi ndi wilo zimayendera limodzi ngati njinga wamba. Mukaika lachitatu, mphamvu imalowera pa kachikhola n'kutulukira pa mkombero, sipuloketi katatu wilo kanayi. Kaphokoso ka tiki-tiki-tiki kamene mumamva mukupalasa ndi timano ta sipuling'i tikudumphira m'malo mwake, si vuto.

Zonsezi zili m'chitsulo chotseka, zikusambira m'girizi kapena oyilo, fumbi silizifika. Njinga ikagwa palibe cholendewera choti chithyoke. Popeza tcheni sichisunthira uku ndi uku, chimakhala chachikulu, chokhuthala, chija cha njinga zathu zakale chopezeka pamsika uliwonse, ndipo chimatha kutsekeredwa chonse m'chotchinga, thalauza ndi chitenje n'kupulumuka. Wilonso limalimba, chifukwa masipoko a mbali zonse ziwiri amakoka mofanana, kusiyana ndi wilo la masipuloketi asanu ndi awiri lomwe mbali imodzi imapanikizika.

Ubwino wina mudzaudziwa tsiku loyamba m'tauni: giya limasintha njinga itaima. Mwatsetsereka pa giya lachitatu, maloboti afiira kapena mwaima kudikira mpata polowa pa raundabauti ya pa Clock Tower. Phazi lili pansi, mungotembenuza chosinthira kupita pa 1, mpata ukapezeka mukunyamuka mopepuka. Wa magiya apanja akaiwala kusintha asanaime, amanyamuka ndi giya lolemera, njinga ikudzandira pakati pa magalimoto. Lamulo la habu ndi limodzi lokha: posintha giya mukuyenda, pepuzani mapazi kwa kamphindi. Mukasintha mukukankha pedulo ndi mphamvu zonse, mumadya timano tamkati.

Izi si zachilendo. Kampani ya Sturmey-Archer ya ku Nottingham, ku England, inayamba ndi habu ya magiya atatu mu 1902, ndipo mtundu wake wotchuka wa AW unatuluka mu 1936 n'kupangidwa zaka zoposa 60. Ine ndikukula ndinkaona ahedi ndi abusa ena ali pa Raleigh yakuda ya kachosinthira kakang'ono pahandulo, ndipo mahabu a njinga zimenezo ena alipobe. Mukapukuta dzimbiri pa habu yakale ya Sturmey-Archer mupeza manambala odindidwa, awiri a chaka ndi ena a mwezi umene inapangidwa. Ndatsegulapo za m'ma 1970, n'kupeza mano ake ali bwinobwino, chofunika ndi kutsuka ndi oyilo watsopano basi. Mu 2000 dzinali linagulidwa ndi kampani ya SunRace ya ku Taiwan, ndipo akupangabe mahabu pamodzi ndi zipangizo zake. Ena otchuka ndi a Shimano a ku Japan, olembedwa kuti Nexus.

Wina afunsa kuti njinga zoterezi zili kuti kuno kwathu. Zilipo, kungoti anthu amazidutsa. Pa njinga za kaunjika zochokera ku Japan, zija za basiketi kutsogolo, loko yozungulira pa wilo lakumbuyo ndi sitandi yaikulu, zambiri ndi za giya limodzi, koma pakati pake pali za Nexus ya magiya atatu. Muzizindikira ndi kabokosi kakang'ono komangidwa kumapeto kwa ekiselo kumanja, kebulo italowamo. Palinso njinga zimene ankayendera operekera makalata a Royal Mail ku Britain, zopangidwa ndi kampani ya Pashley, zomwe bungwe la Krizevac Project linatumiza zambiri kuno ku Chilomoni atasiya kuzigwiritsa ntchito kwawoko. Ndi zolemera, kupitirira makilogalamu 20, wilo lakutsogolo ndi laling'ono kuposa lakumbuyo kuti pakhale malo a katundu, mabuleki ake ali mkati mwa mahabu. Zinapangidwira munthu woyenda tsiku lililonse pamvula atanyamula katundu, ndipo zimaoneka. Kenaka pali zochokera ku Germany ndi Netherlands. Pa zimenezi werengani dzina la pa habu. Zolembedwa Sachs, Torpedo kapena SRAM ndi zolimba ndithu, koma SRAM inasiya kupanga mahabu a magiya mu 2017, ndiye chosinthira kapena kabokosi kake kakasweka, kupeza kena n'kovuta. Gulani yotere pokhapokha zonse zikugwira ndipo mtengo watsika.

Funso limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti magiya atatu angakwane bwanji pa zitunda za Blantyre, wokhala ku Bangwe, ku Soche, ku Zingwangwa kapena kuno kwathu. Apa ndichedwepo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amataya mtima ndi njinga yabwino. Vuto silikhala kuchepa kwa magiya koma kulemera kwake. Njinga zimenezi zinapangidwira mizinda yathyathyathya, ndipo zimabwera ndi sipuloketi yaing'ono kumbuyo. Titenge ya wilo lalikulu la mainchesi 28, mano 46 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, habu ya AW. Pedulo ikazungulira kamodzi njinga imayenda pafupifupi mamita 4.3 pa giya loyamba, 5.7 pa lachiwiri, 7.6 pa lachitatu. Giya lachitatu lotere munthu wamba amaligwiritsa ntchito potsetsereka pokha, pamene n'kale safunika kupalasa, ndipo loyambalo n'lolemerabe pa chitunda chenicheni. Ndiye kuti pa atatu aja akupindula ndi awiri. Chotsani sipuloketi ya 18, ikani ya mano 22. Tsopano loyamba ndi mamita 3.5, lachiwiri 4.7, lachitatu 6.2. Lachitatu lasanduka loyendera pamsewu wabwino, lachiwiri lokwerera pang'onopang'ono monga kuchoka pa Ginnery Corner kulowera ku Chichiri, loyamba la chitunda choopsa. Njinga yomweyo imakhala ngati ina. Ntchito yake ndi yochepa: sipuloketi imagwidwa ndi kamkombero ka sipuling'i kamene kamachoka ndi sikuludiraiva, ili ndi timano titatu mkati tolowa m'mipata itatu, ndipo kapangidwe kameneka n'kofanana pa Sturmey-Archer, Shimano ndi Sachs. Muwonjezere mfundo ziwiri za tcheni, mwatha. Musapitirire kwambiri pa 22 pofuna kupepuza, chifukwa sipuloketi ikakula mopyola muyeso mphamvu yolowa m'habu imachuluka kuposa imene timano tamkati tinapangidwira.

Zilipo za magiya 7 ndi 8. Pa Nexus ya atatu giya lapamwamba limaposa lapansi pafupifupi kawiri, pa ya 7 pafupifupi kawiri ndi theka, pa ya 8 katatu. Ku Germany kuli ya Rohloff ya magiya 14, imene mtengo wake umaposa njinga zingapo zathunthu. Mukapeza ya 7 kapena 8 ikugwira bwino, ndi yokoma kukwera. Koma mkati mwake muli ziwalo zambirimbiri, ndipo ikafa kuno yafa. Munthu wa malipiro a pamwezi ine ndimamulangiza ya atatu, chifukwa ndi imene tingaitsegule pansi pa mtengo n'kuibwezera pamsewu. Wa ku Lilongwe, woyenda kuchoka ku Area 25 kupita ku Kanengo kapena ku Kawale kupita ku Old Town, atatuwo amukwanira n'kutsala. Chitunda chikakula zedi, kutsika n'kukankha mamita ochepa si manyazi.

Pogula ya kaunjika musalole kuuzidwa ndi pakamwa. Nyamulani wilo lakumbuyo, zungulizani pedulo, sinthani magiya onse, kenaka ikwereni n'kupeza kachitunda. Giya lililonse ligwire osadumpha mukakankha. Likadumpha, nthawi zambiri ndi kebulo yosatcheredwa bwino, ndipo mutha kuona nokha pomwepo. Pa Nexus ya atatu ikani pa 2, suzumirani pa kawindo ka kabokosi kaja, kachizindikiro kachikasu kakhale pakati pa timizere tiwiri. Pa ya 7 ndi 8 ikani pa 4, timizere tiwiri tachikasu pafupi ndi sipuloketi tiyang'anizane. Pa Sturmey-Archer kebulo imathera pa katcheni kakang'ono kolowa m'kati mwa ekiselo. Ikani pa 2, suzumirani pa bowo la nati, phewa la kandodo ka katcheniko lilingane ndi mapeto a ekiselo. Izi musazitenge mopepuka. AW yakale ikapanda kutcheredwa bwino ili ndi malo opanda giya pakati pa 2 ndi 3, pedulo imangopita yokha, ndipo amene waimirira pa mapedulo amagwera pamtanda. Mukatchera koma likudumphabe, kapena mukumva kukukuta mkati, isiyeni njingayo.

Gwirani wilo m'mbali muligwedeze, lisasewere. Yang'anani mawashala a m'mbali mwa felemu, pansi pa manati a ekiselo. Si mawashala wamba: ali ndi kalilime kolowa mumpata wa felemu, ndipo ntchito yawo ndi kuletsa ekiselo kuzungulira. Kumbukirani kagiya kapakati kaja koyenera kusasuntha. Mawashalawa akasowa, ekiselo imapota, imatafuna felemu n'kudula kebulo. Ndaona njinga zambiri zowonongeka chifukwa wina pomata chubu anawataya n'kuika wamba.

Kenaka weramani muwerenge nambala ya pa tayala, osati 26 kapena 28 wamkuluyo, koma ya manambala atatu yolembedwa pafupi naye. Apa anthu amataya ndalama zambiri. Tayala la njinga zathu zakale ndi 635. Lina lolembedwanso 28, la njinga za ku Ulaya, ndi 622, ndipo awiriwa salowana. La 26 la mountain bike ndi 559, koma 26 ya njinga za ku Japan ndi zakale za ku England ndi 590. Zina za ku Japan ndi 27, nambala yake 630. Musanalipire, funsani m'mashopu a kwanuko ngati tayala la nambala imeneyo limapezeka, apo ayi mudzaimika njinga yabwino pakhonde chifukwa cha tayala. Amene akufuna kugula habu yokha kuti amangitse pa limu la njinga imene ali nayo kale awerenge mabowo. Mahabu ambiri a masiku ano ndi a masipoko 36, pomwe malimu akumbuyo a njinga zathu zambiri zakale ndi a 40.

Za mabuleki ndinene mwachidule. Limu lachitsulo lonyezimira likanyowa, mabuleki a labala amachedwa kugwira, ndipo potsetsereka ku Ndirande mvula ikugwa kuchedwa kumeneko n'koopsa. Limu la aluminiyamu limagwira bwino. Mabuleki a m'kati mwa habu, monga a njinga za makalata zija, mvula siwakhudza, koma musawathire oyilo ngakhale pang'ono. A Shimano okhala ndi mbale yozungulira pambali pa habu amafuna girizi wawowawo, pomwe a lamba a njinga zotchipa za ku Japan amalira akakalamba ndipo kulirako sikutha ndi oyilo, oyilo amangowaphetsa. Onaninso kuti madigadi ndi athunthu, sitandi ndi yolimba, ndipo ngati habu yakutsogolo ili ndi dainamo, mwapata: nyali izidzayaka popanda mabatire, ndipo mu Juni mdima umakupezani panjira poweruka.

Sindikufuna wina adzati sindinamuuze zovuta zake. Njinga yotere ndi yolemera, ndipo amene amakhala panyumba ya masitepe ambiri aganizirepo. Kuchotsa wilo lakumbuyo kumafuna sipanala ndi kudekha: kumasula kebulo, kusunga mawashala, ndipo pa Nexus ya atatu muli kandodo kakang'ono m'kati mwa ekiselo kamene kamatsetsereka n'kugwera m'fumbi wilo likapendekeka. Kakasowa, magiya palibe. Nthawi zambiri tayala likaphwa sipafunika kuchotsa wilo, mumangotulutsa chubu mbali imodzi n'kumata chili pomwepo. Habu yotseka imakana fumbi ndi mvula koma osati kumira. Mtsinje ukadzadza mpaka kufika pa ekiselo, nyamulani njinga paphewa, ndipo musaitsuke ndi paipi ya mphamvu ya kotsukira magalimoto. Kebulo ikaduka panjira simugona pomwepo: Sturmey-Archer imakhala pa giya lachitatu, Nexus ya atatu pa loyamba, mufika kunyumba.

Ndiponso si njinga ya ntchito iliyonse. Wakabaza, wonyamula matumba a makala kapena chimanga, asagule imeneyi. Makaliyala ambiri a njinga za ku Japan anadindidwa kuti makilogalamu 18, 25 kapena 27, ndipo timano ta m'habu sitinapangidwire munthu woimirira pa mapedulo ali ndi anthu awiri kumbuyo. Ameneyo atenge ya giya limodzi yolimba, monga Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief, imene kaliyala yake anaipangira makilogalamu 100. Wakumudzi kutali ndi tauni, kumene kebulo ya magiya sangaipeze, nayenso giya limodzi limuchitira bwino. Ine ndikunena za munthu mmodzi, chikwama chake, tomato ndi bonya wapobwerera, kapena mwana wamng'ono pampando wake.

Kwa anzanga okonza njinga ndili ndi pempho lochokera pansi pa mtima. Njinga ya habu yotere ikabwera giya likudumpha, musathamangire kuuza mwini wake kuti yatha n'kudula masipoko kuti mumange habu wamba. Ndapeza mahabu abwinobwino pa milu ya zitsulo zakutha, ena ataphwanyidwa ndi hamala chifukwa wina sanadziwe kuti amatseguka pomasula, ndipo vuto lake linali kebulo yadzimbiri kapena katcheni kopindika. Yambani ndi kebulo. Katcheni ka Sturmey-Archer kamangeni ndi zala mpaka kaime, kenaka kabwezeni pang'ono, osapitirira theka la kuzungulira, kuti kaloze kumene kebulo ikuchokera. Habu yakale yokhala ndi kachitseko ka oyilo pamwamba imafuna madontho awiri kapena atatu a oyilo wopepuka kamodzi pamwezi. Mafuta ophikira ayi, amauma n'kumata timano. Girizi wolimba wa galimoto nayenso ayi, amagwira timano taja tisadumphe, pedulo n'kumapita yokha. Mukafika potsegula, yalani nsalu yoyera, ikani ziwalo mwa ndondomeko imene mwazichotsera, ndipo jambulani ndi foni pa sitepe iliyonse. Zithunzi za m'kati mwa AW ndi Nexus zilipo pa intaneti kwaulere. Wophunzira wanga akatsegula imodzi n'kuibwezera ikugwira, mantha amamuthera, ndipo amakhala ndi luso limene anzake pamsika alibe. Ndingakondwe a TEVETA ataika phunziro limeneli pa maphunziro a achinyamata, chifukwa njingazi zikuchuluka ndipo odziwa kuzikonza ndi ochepa.

Pomaliza ndipemphe amalonda ndi mabungwe amene amabweretsa njinga m'makontena. Njinga mukubweretsa, zikomo, koma tizipangizo take tikusowa, ndipo ndi timeneti timene timaimitsa njinga yoti ikanayenda zaka zina khumi. Mu kontena iliyonse muziikamo katoni imodzi ya makebulo a magiya, zosinthira za pahandulo, timatcheni ta Sturmey-Archer, timabokosi ndi tindodo ta Nexus, mawashala a kalilime aja, masipuloketi a mano 20 ndi 22, ndi matayala a 590 ndi 630. Katoni yotere siidya malo a njinga ngakhale ziwiri, ndipo ife okonza tidzagula ndi ndalama zathu.

Wokonza njinga,
Chilomoni, Blantyre